Mwana wandiuza kuti mutu wake si wa kompyuta, chonsecho inasowa ndi bulaketi imodzi

Anaphiri:
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi nkhani yomwe yakhala ikundizungulira m'mutu kuyambira Loweruka. Ambiri mukudziwa kuti ndimaphunzitsa ana a sekondale Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, kumapeto kwa sabata m'kachipinda kathu ka makompyuta. Mtsikana wina wa Fomu 3, wakhama, amene masamu amakhoza bwino kwambiri, analemba izi:

```
dzina = input("Dzina lako: ")
zaka = int(input("Zaka zako: ")
print("Moni", dzina)
```

Kompyuta inamuyankha kuti "SyntaxError: invalid syntax", kachizindikiro kolozera kali pansi pa print, pa mzere wachitatu. Mwanayo anakakamira pa mzere wachitatuwo pafupifupi theka la ola. Anafufuta print n'kulembanso. Anachotsa dzina, n'kubwezeranso. Anayesa kulemba P wamkulu. Ine ndinali mbali ina ndi anzake, sindinaone. Pomwe ndimafika ndinamupeza wapinda manja, maso ali pa zenera, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Madamu, mutu wangawu si wa kompyuta."

Mzere wachitatu unalibe vuto ngakhale limodzi. Bulaketi yotsekera ndi imene inasowa kumapeto kwa mzere wachiwiri. Mwana anakhulupirira makina, anapita pomwe anamulozera, ndipo atalephera anadziimba mlandu yekha. Izi ndi zomwe zikundiwawa. Ndithandizeni abale: n'chifukwa chiyani makinawa amaloza pena vuto lili pena, nanga ine nditani Loweruka likubwerali?

Kadzidzi:
Pepani Madamu, zimawawadi. Chimene chimachitika n'chakuti Python isanayendetse pulogalamu imayamba yaiwerenga yonse kuti iisandutse bytecode, malangizo omwe imatha kuyendetsa, ndipo pamenepo imagwira ntchito ya compiler, pulogalamu yomasulira code. Imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, mawu amodzi amodzi. Ikaona bulaketi yotsegula imadikira yotseka, ndipo pamene ikudikira siwerengera kutha kwa mzere, poti malamulo a Python amalola kuti zomwe zili m'bulaketi zipitirire pa mizere ingapo. Ndiye kwa iyo mzere wachiwiri ndi wachitatu ndi chinthu chimodzi. Imadzazindikira kuti zasokonekera ikagundana ndi print pamalo pomwe imayembekeza comma kapena bulaketi.

Zili ngati kugona m'minibasi. Umadzidzimuka uli ku depoti, koma siteji yako unaidutsa kalekale. Uthenga wakalewo umangonena pomwe yadzidzimukira, osati pomwe inagonera.

Koma izi anakonza. Python 3.10 yomwe inatuluka mu October 2021 imanena kuti "'(' was never closed" n'kuloza bulaketi ya int ija pa mzere wachiwiri. Pablo Galindo Salgado ndi amene anatsogolera zambiri pa ntchitoyi, ndipo zinatheka mosavuta chifukwa mu 3.9 anali atasintha parser, mbali yowerenga code, n'kuika yatsopano. Mukalemba dzna m'malo mwa dzina imakufunsaninso kuti kodi mumatanthauza dzina. Ndiye 3.11 ya 2022 inawonjezera timizere tolozera chidutswa chenicheni cha mzere chomwe chagwetsa pulogalamu. Ingoikani yatsopano.

Anaphiri:
Zikomo achimwene, chitsanzo cha minibasicho ndikawauza anawo. Koma kuika yatsopano ndi kumene kuli vuto. Makompyuta athu ndi opatsidwa, onse ali ndi Windows 7, ndipo Python yomaliza kulola Windows 7 ndi 3.8. Ndinayesa kale, 3.9 inakana kulowa.

Kadzidzi:
Aa, ndinaiwala zimenezo. Ndi zoona.

Mdala_wa_C:
Ndilankhuleko monga munthu amene anayamba ndi Turbo C, compiler yakale ya chilankhulo cha C, pa kompyuta yopanda intaneti. Mwanayo ndamumvera chisoni, koma ndili ndi nkhawa ndi kumene nkhanizi zimathera. Ife tinaphunzira lamulo limodzi ndipo linatilera: werenga error yoyamba yokha, ndipo ukapanda kuona vuto pa mzere umene watchulidwa, yang'ana mzere wam'mwamba mwake. Mukaiwala semicolon imodzi mu C, ma error amatha kudzaza sikirini yonse, koma onsewo ndi ana a woyamba uja. Limeneli ndi luso, ndipo munthu amaliphunzira pokumana ndi mauthenga ovuta. Pa Unix panali editor, pulogalamu yolembera code, yotchedwa ed, yomwe ukalakwitsa chilichonse imangolemba ? basi, ndipo anthu analemba nayo mapulogalamu akuluakulu.

Mwana amene wazolowera kuti makina azimugwira dzanja, tsiku lomwe adzakumane ndi linker, yolumikiza zidutswa za pulogalamu, ikukana, kapena template ya chilankhulo cha C++ itasanza mizere mazana ya ma error, adzatani? Compiler si namwino. Ntchito yake ndi kunena zoona.

Anaphiri:
Bambo, lamulo lanulo ndi labwino ndipo ndiliphunzitsa. Koma pamene mwati ntchito yake ndi kunena zoona ndi pomwe ine ndaima. Kodi inanena zoona kwa mwana uja? Inamuuza kuti vuto lili pa print. Silinali pa print. Sindikupempha kuti izimusisita msana, ndikupempha kuti isamusocheretse. Komanso inu amene munapirira ndi amene muli pagulu pano lero. Anzanu amene anatuluka m'kalasi n'kusabweranso sitingawafunse maganizo awo.

Wachaka_chachiwiri:
Ndiloleni ndiikepo mlomo ngakhale ndine wamng'ono pano. Chaka chatha tikuyamba Java ndinakumana ndi "illegal start of expression". Mawu akuti illegal ife timawadziwa kuchokera ku nkhani za apolisi ndi makhoti. Mtima unagunda ndithu, ndinaganiza kuti ndaononga china chake pa kompyuta ya sukulu ndipo andilipiritsa. Ndinatseka zonse n'kukhala phee mpaka kalasi kutha. Pambuyo pake mnzanga anandionetsa kuti ndinaiwala kutseka method imodzi, kachigawo ka pulogalamu, ndisanayambe ina.

China chomwe akuluakulu mwina simuchiona: ambirife timalemba code usiku ku hostel, bando itatha. Amene ali ndi intaneti amangokopera error n'kuiponya pa Google kapena kufunsa AI, mphindi ziwiri wapeza yankho. Ife nthawi imeneyo mphunzitsi yekhayo amene tili naye ndi mizere iwiri yofiira ija. Ikakhala yosamveka, timagona ndi vutolo mpaka mawa.

Gologolo:
Mng'ono wanga wanena zenizeni, ndipo si iwe woyamba kuopa mawu amenewo. Ben Shneiderman analemba kale mu 1982 kuti mawu ngati illegal, fatal ndi invalid asamapezeke m'mauthenga a kompyuta chifukwa amaweruza munthu osamuuza chochita. Zaka zoposa makumi anayi zapita, tikanali nawo.

Amene anagwedeza anthu pa nkhaniyi ndi Evan Czaplicki, mwini chilankhulo cha Elm. Mu 2015 anakonzanso mauthenga onse a compiler yake ndi maganizo akuti compiler ikhale wothandizira, osati woyang'anira mayeso. Mauthenga a Elm amaonetsa code yako momwe unailembera, amadula mzere pansi pa malo ovuta, ndipo amalankhula ngati munthu: ndimawerenga apa, ndafika apa ndasokonezeka, ndimayembekeza chakuti. Onani kusiyana kwake. Wosokonezeka ndi compiler, osati iweyo.

A chilankhulo cha Rust anatengera pomwepo, ndipo sanabise. Mu 2016, pa Rust 1.12, anasintha maonekedwe a mauthenga awo. Ine ndimagwiritsa Rust pa ntchito tsiku ndi tsiku, ndiye ndikuuzeni momwe zimakhalira. Ukapereka String, kutanthauza mawu osungidwa mu pulogalamu, ku function, kachigawo ka pulogalamu, kenako n'kufuna kuigwiritsanso ntchito, imakupatsa error nambala E0382. Sikungoti walakwa ayi. Imaloza malo atatu pa code yako: apa ndi pomwe chinthuchi chinabadwira ndipo mtundu wake sukopeka wokha, apa ndi pomwe unachipereka kwa wina, apa ndi pomwe ukuchifunanso chitapita kale. Nkhani yonse ili pamaso pako, kuyambira pachiyambi mpaka pomwe yathera. Ukafuna zambiri umalemba rustc --explain E0382, imakutulutsira tsamba lofotokoza ndi zitsanzo, popanda intaneti. Ichi n'chimene ndikufuna Wachaka_chachiwiri amve: mafotokozedwewo ali kale m'kompyuta mwako, bando sikufunika.

Malamulo a umwini mu Rust ndi ovuta, aliyense amavomereza. Ine sindinawaphunzire m'buku. Ndinawaphunzira pokangana ndi compiler miyezi itatu, ndipo inali yoleza mtima nane.

Mdala_wa_C:
A Gologolo, popeza mwatchula Rust, ndikufunseni. Pa E0382 pomwepo compiler yanuyo imakonda kunena kuti mwina muike clone. Ndi achinyamata angati amene amangoika clone paliponse pomwe auzidwa mpaka kufiira kutatha, osamvetsa kuti akukopera deta yonse nthawi iliyonse? Python yatsopanoyonso ili ndi kamawu kake kakuti mwina mwaiwala comma, ndipo nthawi zina vuto silikhala comma m'pang'ono pomwe. Mwana womvera amaika comma, error n'kusintha, iye n'kulowa m'tchire kwambiri. Wokulozera njira yolakwika ali ndi chidaliro ndi woopsa kuposa wongoti sindikudziwa.

Gologolo:
Apo sindikutsutsani madala, ndaziona ndi maso pa code ya anzathu atsopano. Malangizo ndi mbali yoopsa ya uthenga. Koma yankho lake si kubwerera ku ? ya ed. Ndi kusiyanitsa zomwe compiler ikudziwa ndi zomwe ikungoganizira. Kuti bulaketi yatsegulidwa pa mzere 2 ndipo sinatsekedwe, ikudziwa, inene molimba. Kuti mwina mumafuna comma, ikungoganizira, inene mofewa kapena isanene n'komwe. Mkati mwa rustc, compiler ya Rust, langizo lililonse limakhala ndi chizindikiro chake chonena kuti ili n'lodalirika moti makina angaliike okha, kapena ili mwina n'lolakwika. Ndiye okonzawo vuto mukunenalo amalidziwa.

NaNgondo:
Ine ndimaphunzitsa ku koleji, ndipo ndikufuna kuziziritsa pang'ono chiyembekezo chathu. Ochita kafukufuku anayesapo zimenezi pa ophunzira enieni. Ku Auckland mu 2014, Paul Denny ndi anzake anapatsa ophunzira a Java mauthenga ofotokozedwa bwino, ndipo sanapeze kusiyana kooneka ndi amene ankalandira akale. Ku Dublin mu 2016, Brett Becker anayesa njira yake n'kupeza kuti ma error anachepa. Zotsatira ziwiri zosiyana pa funso limodzi.

Zomwe ndimaona m'kalasi mwanga zikundiuza chifukwa chimodzi: ophunzira ambiri sawerenga. Akangoona kufiira maso amathawira ku code, kapena dzanja limakwera kuitana mphunzitsi. Ukafika n'kuwauza kuti tawerenga mokweza zomwe zalembedwazo, theka la iwo amapeza vuto asanamalize chiganizo. Ndiye mukatalikitsa uthenga kuti ukhale wachifundo, mwina mwangowonjezera zomwe sizidzawerengedwa. Mzere woyamba ndi umene uli ndi mwayi. Ukhale waufupi, unene malo ndi vuto. Zina zonse zibwere pansi kwa amene akufuna.

Anaphiri:
Mayi, mtsikana wangayu anawerenga. Mwina ndi chifukwa chake zandipweteka chonchi.

Achisale:
Ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito. Pali mbali ya chilankhulo yomwe sitinaikhudze. Amene munalembapo m'chilankhulo cha PHP mukukumbukira "unexpected T_PAAMAYIM_NEKUDOTAYIM". Ndi Chiheberi chimenecho, kutanthauza madontho awiri kawiri, chizindikiro cha ::. Andi Gutmans ndi Zeev Suraski, amene analembanso mkati mwa PHP, ndi a ku Israel, ndipo anatchula chizindikirocho m'chilankhulo chawo. Kwa zaka zambiri azungu olankhula Chingerezi ankadandaula kuti kompyuta ikuwalankhula zosamveka, mpaka PHP 8 ya 2020 inayamba kungoonetsa :: mwiniwakeyo. Tsono zomwe iwo anamva pa mawu amodzi okhawo, mwana wa Fomu 3 kwathu kuno amazimva pa syntax, pa token, pa parsing, pa indentation. Chingerezi cha m'kalasi sichimuphunzitsa mawu amenewa.

Ndiye bwanji Madamu musalembe kachida kakang'ono kowauza anawo m'Chichewa? Simukufunika kusintha Python. Lembani fayilo imodzi, tinene yendetsa.py, yomwe imatsegula pulogalamu ya mwana n'kuidutsitsa mu compile(). Ikagwa ndi SyntaxError, muli ndi lineno, offset ndi text, kutanthauza nambala ya mzere, malo pa mzerewo ndi mawu ake. Pa bulaketi, gwiritsani ntchito tokenize, chida cha Python chodula code m'zidutswa: yotsegula iliyonse muziiika pa mulu pamodzi ndi mzere wake, yotseka ikabwera muchotsepo imodzi. Yotsala pamapeto ndi wolakwayo. Ubwino wa tokenize ndi wakuti mabulaketi a mkati mwa mawu a string sawerengedwa. Zonsezi zimayenda pa 3.8.

Kadzidzi:
Ganizo labwino, koma uthenga wa Chingerezi musaubise. Mwana adzafunika kuudziwa pa mayeso ndi pa ntchito, ndipo akadzapeza intaneti adzafufuza ndi mawu a Chingereziwo. GCC, compiler ya C, ili ndi mauthenga omasuliridwa m'zilankhulo monga Chijeremani ndi Chifalansa, koma ambiri kumeneko amabwezera ku Chingerezi akafuna kufunsa anzawo. N'chifukwa chake manambala ngati E0382 kapena CS0103 ya C# ndi othandiza, sasintha ndi chilankhulo. Chichewa chikhale pamwamba, Chingerezi pansi pake. Onaninso Thonny, editor ya ophunzira yochokera ku yunivesite ya Tartu ku Estonia, ili ndi kawindo kofotokoza ma error, komanso package ya friendly-traceback ya André Roberge. Mungatengeko nzeru za kafotokozedwe.

Anaphiri:
Ndayesa usiku uno, tokenize yagwira. Tsopano ndithandizeni mawu. Ndalemba chonchi:

"Osadandaula! Walakwitsa pang'ono chabe. Waiwala kutseka bulaketi pa mzere 2."

Mdala_wa_C:
Chotsani osadandaula. Mwana akauona kachisanu pa ola limodzi adzadziwa kuti ndi mawu ongoloweza, ngati a wogulitsa. Komanso simukudziwa ngati ndi pang'ono. Tsiku lina vuto lidzakhala lalikulu, makina ali pang'ono chabe, mwana n'kumadzifunsa kuti nanga ine chaching'ono chikundikanika bwanji.

NaNgondo:
Ndikugwirizana ndi bambowa. Ine chandigwira ndi walakwitsa ndi waiwala. Pa Chichewa mawu amenewa ndi a kholo kapena mphunzitsi ali ndi ndodo m'manja. Chingerezi chimatha kubisa wolakwa, chimangoti was never closed. Ifenso tingathe: sinatsekedwe. Nkhani ikhale pa bulaketi, osati pa mwana.

Nanga iwe kapena inu? Funso ili a Chingerezi alibe, ife tili nalo.

Wachaka_chachiwiri:
Inu. Makina akanditchula iwe pamene ndalephera kale, ndingamve ngati akundikalipira. Inu amandipatsa ulemu ngati ndine munthu wa ntchito yake.

Achisale:
Koma kwa mwana wa zaka 15, inu sangamveke ngati mphunzitsi wakwiya? Kwathu mayi akayamba kukutchula inu, umadziwa kuti zavuta.

Gologolo:
Zimadalira kamvekedwe ka mawu, ndipo pa sikirini kamvekedwe palibe. Bwanji titengere Elm, makina azinena za iwo eni, munthu atchulidwe pa langizo pokha? Chonchi:

"Mzere 2: bulaketi iyi yatsegulidwa koma sinatsekedwe.
zaka = int(input("Zaka zako: ")
Ndawerenga mpaka mzere 3 ndikuifunafuna yotseka, sindinaipeze.
Taonani kumapeto kwa mzere 2: zotsegula zilipo 2, yotseka ilipo 1."

Kachizindikiro kakhale pansi pa bulaketi ya int. Mzere woyamba ndi wa amene amawerenga mzere umodzi, monga anenera Mayi NaNgondo. Wachitatu ukufotokoza chifukwa chake Chingerezi cha pansi chikutchula mzere 3, kuti mwana asaone ngati awiriwa akutsutsana. Womaliza sukumuuza pomwe aike bulaketi, ukumupatsa chowerenga yekha.

Mdala_wa_C:
Uwu ndaulandira. Palibe bodza, palibe kunyengerera, ndipo ntchito yomaliza yatsala m'manja mwa mwana. Ndivomerenso kuti ngakhale kwathu ku C zinthu zinasintha ndipo sindinadandaule. Clang, compiler ina ya C, itabwera ndi kachizindikiro kolozera ndi malangizo okonzera, GCC inatsatira: kolozera mu 4.8 chaka cha 2013, kenako GCC 6 mu 2016 inayamba kuchenjeza ngati mizere yalowetsedwa mkati mosocheretsa, mtundu wa vuto lomwe linatsegula chibowo cha goto fail cha Apple mu 2014. Chenjezo limenelo linandigwirira if wopanda mabulaketi mu code yomwe ndinaiwerenga kambirimbiri osaona kanthu. Chomwe ndimakana ndi shuga, osati kuwala.

Koma lamulo la error yoyamba muwaphunzitsebe, Madamu.

Kadzidzi:
Ndipo Wachaka_chachiwiri, ngati ku sukulu kwanu muli ndi Java 15 kupita m'tsogolo, error ya NullPointerException imatchula dzina la chinthu chomwe chili null, chopanda kanthu. Zinayamba mu 14 koma kumeneko umayenera kuziyatsa wekha. Illegal uja yekha akadalipo.

Anaphiri:
Ndabweranso ndi za Loweruka. Ndinaika yendetsa.py pa makompyuta onse asanu ndi atatu ndi flash. Ndinagwiritsa mawu a Gologolo osasintha, ndipo pakati pa iwe ndi inu, mawu akuti inu ndi amene anakhala. Mtsikana uja anabwera, ngakhale anakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ndinawapatsa onse pulogalamu yake yomwe ija, osanena kuti ndi ya ndani, n'kuwauza kuti aiyendetse. Iye anawerenga, anaika chala pa sikirini n'kuwerenga mabulaketi, imodzi, ziwiri, kenako imodzi. Anaika yotsalayo, pulogalamu n'kumufunsa dzina. Sananene kanthu, koma mpando anausendeza kufupi ndi tebulo, ndipo pa ntchito yachiwiri ndi iye amene anakathandiza mnyamata wa pambali pake.

Pali pomwe kachida kanga kanagwa. Mwana wina anaiwala kutseka string, tokenize inasokonezeka, ndipo uthenga wanga unamuuza za bulaketi pomwe vuto linali quote. Ndi zomwe munachenjeza zija, Bambo. Ndakonza kuti ikaona "EOL while scanning string literal" isawerengenso mabulaketi, inene za quote. Pomwe sichikudziwa, tsopano chimangoti: "Ndasokonezeka pa mzere uwu. Vuto lingakhale pano kapena pa mzere wam'mwamba."

Chomwe chandikanika ndi IndentationError, error ya kalowetsedwe ka mizere mkati. Anawo amasakaniza tab ndi space, ndipo pa sikirini zonse zimaoneka zofanana. Ndalemba kuti "mzere uwu sunayambire pamodzi ndi anzake" koma awiri sanamve. Amene ali ndi mawu abwino anditumizire lisanafike Lachisanu.

NaNgondo:
Musamuuze, muonetseni. Posindikiza mzerewo sinthani space iliyonse yakumayambiriro ikhale dontho, tab ikhale muvi, muike mzere wam'mwamba ndi wovutawo mogundizana. Pansi pake mulembe: "Mzere 6 wayamba ndi ma space 4, mzere 7 wayamba ndi tab." Tumizani fayiloyo pano, ndiyesa ndi a chaka choyamba Lachitatu ndikuuzeni amene amva ndi amene sanamve.